Dimba limene agogo anatisiyira kufupi ndi Lizulu

Ndinayamba kunyamula kheni ndili Sitandade 3. Kwathu ndi ku Ntcheu, m'mudzi wina wakumtunda kufupi ndi Lizulu, kumene mwezi wa Juni madzi a pachitsime amaluma zala mpaka munthu kulephera kufumbata mpini wa khasu. Agogo anga aakazi ankatidzutsa kusanayere, ine ndi achimwene anga, kuti tithirire mabedi tisanapite kusukulu. Iwo ankatsogola opanda nsapato, chitenje chili m'chiuno, n'kumaima pabedi lililonse kupisa chala m'dothi. Akapeza chinyezi chafika pamfundo yachiwiri ya chala ankati, "Apa lekani, pitani uko." Dimba limenelo lilipo mpaka lero. Linachoka m'manja mwa agogo kupita kwa amayi, ndipo pano tikuliyendetsa ndife, ine ndi achimwene. Kawiri konse linatsala pang'ono kutipulumuka, ndipo kawiri konseko olakwa tinali ife eni ake.

Ndikulemba izi chifukwa cha achinyamata amene amandipeza kumsika kapena kutchalitchi n'kundifunsa za ulimi wa kudimba. Pafupifupi onse funso lawo ndi limodzi: "Amayi, tomato wa ekala imodzi amatulutsa ndalama zingati?" Funso limenelo ndimaliopa, chifukwa ndi lomwe linatilowetsa ife m'ngongole.

Malowo ndi a kuchikazi. Agogo anawalandira kwa amayi awo, kachigawo ka m'mphepete mwa dambo kosakwana ndi ekala komwe, ndipo anayamba kuwalima mwakhama kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970. Nthawi imeneyo agogo aamuna anali ku Joni, kumigodi, atapita pa Wenela, bungwe limene linkatumiza anthu kumigodiko. Ndalama zinkabwera mwa apo ndi apo, ana anali asanu, ndiwo zinkafunika tsiku ndi tsiku. Choncho dimbalo linayamba ngati nkhokwe ya ndiwo basi: mpiru, nkhwani, nyemba, bonongwe womera yekha, nzimbe pang'ono m'malire ndi chimanga chodya chachiwisi. Mu 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, boma la a Kamuzu linaimitsa zotumiza anthu pa Wenela. Agogo aamuna anabwerera kumudzi ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Njingayo ndi imene inasandutsa dimba kukhala geni. Ankamangirira dengu la mpiru ndi matimati kumbuyo, n'kupita nalo kumsewu waukulu wa M1, kumene mabasi a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre ankaima.

Amene anafikako ku Lizulu akudziwa kuti msewuwo ndiwo malire: mbali ino Malawi, kungowoloka phula uli ku Mozambique. Msika wake unakula chifukwa cha zimenezo komanso chifukwa cha kuzizira kwa dera lathu, kumene kabichi, karoti, anyezi ndi mbatata ya kachewere zimachita bwino kuposa kuchigwa.

Agogo sankadziwa kulemba, koma anali ndi lamulo limodzi limene sankalola munthu kuliphwanya. Mbewu sankafesa tsiku limodzi. Pakatha masabata awiri aliwonse ankakonza kabedi kamodzi ka nazale, n'kufesa mbewu yodzadza kachivindikiro ka botolo la Fanta basi. Ine ndili mwana ndinkaona ngati n'kuchulutsa ntchito. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake sitingofesa paketi yonse n'kupuma. Anandigwira dzanja n'kundiyendetsa m'dimbamo, kuyambira kumtunda kutsikira kudambo. Anandionetsa mbande zongomera, masamba awiri okha. Anandionetsa zimene tinawokera sabata yathayo, zidakali zoweramira pansi. Kenako mpiru wofika m'mawondo umene tinkathyola, ndipo kumapeto bedi lokalamba limene analisiya kuti lichite maluwa tipezepo mbewu. Ndiye anati, "Mdzukulu wanga, dimba ndi mudzi. Muzikhala makanda, anyamata ndi nkhalamba. Mudzi wa anthu a msinkhu umodzi umatha tsiku limodzi." Ndinangoti "Eya, agogo," osamvetsa kanthu. Ndinadzamvetsa patatha zaka zoposa makumi awiri, ndili pamsika ndi madengu a tomato woola.

Kuyambira cha m'ma 1986, nkhondo ya ku Mozambique itakula, anthu ambiri othawa kwawo anadzakhala m'mbali mwa msewu kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza. Ambiri anali a ku Angonia, olankhula ngati ife, ena abale athu enieni. Ena a iwo ankagwira ganyu m'dimba mwathu, ndipo bambo wina wachikulire ndi amene anaphunzitsa amayi kusunga anyezi: kumusiya aume m'munda mpaka khosi litafota, kenako kumumanga m'mitolo n'kumupachika pamthunzi podutsa mphepo. Koma anthu atachuluka chomwecho, mitengo ya m'mapiri inatha ndi nkhuni ndi milimo. Kasupe amene ankadyetsa dambo lathu anayamba kuchepa mphamvu. Chilala cha 1992 chitafika, chitsime cha agogo, chimene kale tinkatunga titangogwada, chinafuna chingwe. Abambo anachikumba kawiri chaka chimenecho. Alendo aja anabwerera kwawo mtendere utabwera, cha m'ma 1993 ndi 1994, koma madzi sanabwerere m'malo mwake mpaka pano.

Njala ya 2002 sindifuna kuikamba kwambiri. Amene anaiona akudziwa mmene Febuluwale wa chaka chimenecho analili. Ndingonena kuti pakhomo pathu sitinaike maliro a njala, ndipo chinatipulumutsa ndi dimba. Tinkadya nkhwani, maungu aang'ono ndi mbatata ya kachewere, ndipo mvula itangoleka amayi anabzala chimanga theka la dimba. Abambo ndi achimwene ankagona komweko m'kachisakasa chifukwa cha akuba. Agogo anamwalira patapita zaka ziwiri, dimba n'kutsala m'manja mwa amayi. Chapanthawi yomweyo tinapeza thiredo pampu kudzera ku kalabu ya alimi, ndipo tinayamba kuthirira mabedi amene makheni sankafikako. Kupalasa pampu imeneyo kumatopetsa miyendo koopsa, koma kwa zaka zingapo zinthu zinkayenda bwino ndithu. Fizi ya kusekondale ya ine ndi mng'ono wanga inachokera m'mabedi amenewo.

Tsopano ndifike pamene tinalakwitsa.

Mu 2010 achimwene anabwera ndi maganizo. Anali ataona mnzawo wina atagula njinga yamoto ndi tomato wa nyengo imodzi. Anakhala pansi ndi amayi n'kunena kuti, "Amayi, mpiru wa timitolo uwu sutifikitsa patali. Tiyeni tibzale tomato dimba lonse, tibwereke malo a pafupiwa, tigule injini." Ine ndinali mbali yawo, ndisabise. Ndinali nditabwerera kumudzi ndi ana awiri banja litatha, ndipo ndinkafuna ndalama yooneka. Amayi anakana masiku angapo, kenako anatilola. Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Ndikhulupirira ndi zimene zinali mumtima mwawo.

Chaka choyamba tinapha makwacha. Tinakolola nthawi imene tomato anali wosowa, mavenda ankachita kutilondola kudimba komweko. Tinafolera nyumba ya amayi ndi malata, tinabweza ngongole ya injini theka. Chimene chinatipweteka ndi chimenecho, chifukwa tinaganiza kuti tadziwa. Chaka chotsatira tinabwereza tomato pamalo omwewo, n'kuonjezera malo ena obwereka, mbande zonse zofesa sabata imodzi.

Ndiye kunabwera vuto la mafuta la 2011. Magalimoto ankagona pamizere m'mafilingi siteshoni, ife a injini ya kudimba tinkagula petulo wa m'zigubu wochokera kutsidya, pamtengo umene wogulitsa wafuna. Thiredo pampu tinali titaibwereketsa kwa wachibale, ndipo inabwerako yothyoka. Masiku ena tomato ankagona ndi ludzu atachita kale maluwa, maluwawo n'kumayoyoka. Tikapeza mafuta tinkathira madzi ochuluka kuti tibwezere, zipatso n'kumang'ambika, zina kuda kumatako. Pofuna kupulumutsa mbewu tinakatenga katapila kwa munthu wina wapamsika. Pangano lake linali lakuti pa K100 iliyonse tibweze K150 mwezi ukatha.

Kenako mitengo ina inayamba kufota masana, masamba akadali obiriwira. Madzulo inkadzuka, mawa lake n'kufotanso, tsiku lachitatu osadzukanso. Tinkaganiza kuti ndi ludzu, n'kumaonjezera madzi m'ngalande. Alangizi atabwera anazula mtengo umodzi, anadula tsinde chakumunsi ndi mpeni, anaitanitsa tambula ya galasi ya madzi oyera n'kulowetsamo nsonga ya tsindelo. Tinazungulira tonse kuyang'ana. Pasanathe mphindi zingapo, timaulusi toyera ngati mkaka tinayamba kutsika kuchokera patsindepo. Iwo anati, "Mwaona? Awa ndi matenda ofotetsa a m'dothi. Alibe mankhwala opopera. Ndipo madzi amene mukuyendetsa m'ngalandewa ndi amene akuwanyamula kuchoka pamtengo wodwala kupita kwa anzake." Anatiuzanso kuti tizilombo take timakhala m'nthaka zaka, ndipo timagwiranso mbatata ya kachewere, mabiringanya, tsabola ndi fodya, chifukwa zonsezo ndi za mtundu umodzi ndi tomato. Amayi sanayankhule kanthu. Anangotola khasu lawo n'kubwerera kunyumba.

Tomato amene anapulumuka anapsa yense pamodzi, nthawi yomwe wa anthu ena onse a m'dera lathu anapsanso. Tsiku la msika limenelo ndimalikumbuka bwino. Tinafika ndi ngolo ziwiri kusanache, n'kupeza madengu ali ndandanda m'mbali mwa msewu, ofiira okhaokha. Mavenda ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre sankafulumira. Ankayenda manja ali m'thumba, kutola tomato mmodzi, kumufinya, kumubwezera. Amadziwa kuti mlimi sangabwerere ndi tomato wakupsa kunyumba. Mtengo umene tinaukana m'mawa, pofika masana tinkachita kuupempha, ndipo wogulayo anabwera ndi dengu lake lalikulu n'kuunjika mulu pamwamba mpaka tomato kumagubuduzika pansi. Madengu anayi sanagulidwe n'komwe. Dzuwa likupendeka ndinakhala pamwala pafupi nawo, madzi ofiira akudontha pansi pa dengu, ntchentche zili ng'waa. Kunyumba kunalibe ngakhale mtolo umodzi wa mpiru woti tigulitse mawa lake tipeze ya mchere, chifukwa mabedi onse a masamba tinawagalauza. Ndi pamwala pamenepo pamene mawu a agogo a makanda ndi nkhalamba anandibwerera.

Katapila uja anadya injini, mbuzi zinayi ndi njinga ya achimwene. Mu Meyi 2012 kwacha inagwetsedwa, feteleza ndi mankhwala zinakwera, ife tilibe poyambira.

Kachiwiri kamene dimba linatsala pang'ono kutha kanatsatira pompo, ndipo aka kanali koopsa kuposa matenda. Tinayamba kulozana zala. Ine ndinkati achimwene ankatenga ndalama za tomato osanena. Iwo ankati ine ndinkapatsa anzanga ndi abale masamba aulere ngati dimba ndi langa ndekha. Alamu anga, akazi awo a achimwene, anasiya kubwera kudzathirira. Zonse zimene tinkanenezanazo zinali zoona, kungoti panalibe amene akanatha kutchula kuti ndi ndalama zingati, popeza palibe chimene chinalembedwa. Zinafika poti tigawane malowo, aliyense aone njira yake. Malo osakwana ekala, chitsime chimodzi: tikanagawana chiyani?

Amalume, monga mwini mbumba, anatiitanitsa pakhonde pa amayi Lamulungu lina masana. Anatisiya tiyankhule mpaka mawu atatha. Kenako anatulutsa kope la ana asukulu ndi bolopeni zimene anagula pobwera, n'kuziika pamphasa. Anati, "Chibale ndi fupa, sichiola, koma ndalama yosalemba imaswa mudzi. Iwe unapita kusukulu, uzilemba. Mchimwene wakoyu azisunga ndalama. Wolemba asagwire ndalama, wosunga asagwire kope. Loweruka lililonse madzulo muziwerengera pamaso pa mayi anu." Tinagwirizananso kuti ndalama iliyonse yolowa izigawidwa patatu. Gawo loyamba ndi la dimba lenilenilo, la mbewu, manyowa, mankhwala ndi aganyu, ndipo limeneli silikhudzidwa ngakhale kugwe maliro. Lachiwiri ndi la pakhomo pa amayi. Lotsala ndilo timagawana. Za abale opempha ndiwo, amayi ndi amene anapeza nzeru: anapatula bedi limodzi la kumapeto n'kulitcha la abale. Wachibale aliyense akhoza kuthyolapo osapempha. Mabedi enawo, ngakhale azakhali, amagula.

Anthu ena anatinena kuti tayamba kuumira. Zinatipweteka miyezi yoyamba, koma anazolowera, ndipo bedi la abale lilipobe.

Kope lija linatiphunzitsa zinthu zimene sitinkaziona ndi maso. Titalemba chaka chathunthu tinapeza kuti timitolo ta mpiru, repu ndi tchainizi, timene achimwene ankatinyoza, tinkalowetsa ndalama sabata iliyonse osadumphitsa, pamene zolowa zake zinali zochepa: mbewu pang'ono, manyowa a m'khola, madzi. Masamba amenewa umayamba kuthyola patangotha masabata atatu kapena anayi chiwokerereni, ndipo bedi limodzi umalithyola kangapo. Tomato amabweretsa ndalama yambiri nthawi imodzi, zoona, koma tikachotsa timitengo toimikira, ulusi, feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, mankhwala a matenda a chiwawu nthawi ya chinyezi, aganyu othyola timphukira, ngolo ndi chiphaso cha pamsika, phindu lake linkachepa kuposa mmene tinkaliwerengera pamtima. Ndipo umadikira pafupifupi miyezi itatu chiwokerereni usanagulitse dengu loyamba. M'miyezi imeneyo banja limadya chiyani? Mnyamata aliyense wondifunsa za ekala ya tomato ndimamubwezera funso limeneli.

Tomato sitinamusiye. Tinangomubwezera pamalo pake. Dimba tinaligawa zigawo zinayi, ndipo chigawo chimene mwachoka tomato kapena mbatata ya kachewere sichionanso mbewu za mtundu umenewo mpaka zigawo zinazo zitalandirako. Mmalo mwake mumalowa chimanga chachiwisi, kenako nyemba kapena zitheba, kenako kabichi ndi masamba, kapena anyezi. Chigawo chimene chinagwidwa ndi matenda ofotetsa chija tinachipumitsa kwa tomato zaka zinayi. Nazale tinabwerera ku kafesedwe ka agogo, pang'onopang'ono masabata awiri aliwonse. Tomato timabzala mizere yochepa maulendo atatu kapena anayi pachaka, ndipo ulendo umene timausamala kwambiri ndi wokolola m'miyezi ya mvula, Januwale mpaka Malichi, pamene amasowa pamsika. Ndi wovuta kulima chifukwa chiwawu chimakonda chinyezi, ndiye timamubzala kumtunda pamizere yokwera, motalikirana bwino kuti mphepo izidutsa, n'kumachotsa masamba a m'munsi okhudza dothi. Mitundu imene yatikomera ndi Tengeru 97 ndi Tanya, yochokera ku Tanzania, chifukwa khungu lake ndi lolimba, imapirira ulendo wa pa lole.

Kagulitsidwe tinasinthanso. Sitithyola tomato tisanadziwe womugula. Tili ndi amayi atatu ogulitsa m'misika ya ku Lilongwe amene takhala nawo zaka zambiri. Ndimawaimbira foni kudakali masiku awiri, timagwirizana mtengo ndi kukula kwa dengu, ndalama amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba katundu asanakwere. Timathyola atangoyamba kusintha mtundu, asanafiire, ndipo timasankha: akuluakulu paokha, apakati paokha, ang'onoang'ono timagulitsa m'milu pamsewu. Ukasakaniza, venda amakugula zonse pamtengo wa ang'onoang'ono. Nthawi zina mtengo wa pamsika umakwera kuposa umene tinapangana ndi amayi aja, mtima n'kumafuna kuwathawa. Sitiwathawa, chifukwa mwezi wa Okutobala tomato akatayika ndi iwo omwewo amene amatitengabe.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kuulula, chifukwa alimi ambiri akuchichitabe. Cha m'ma 2016 kunafika kachilombo kotchedwa Tuta absoluta, kochokera ku South America. Ndi kagulugufe kakang'ono kotuwa kouluka madzulo, ndipo kambozi kake kamalowa mkati mwa tsamba n'kumadya momwemo, tsamba n'kutsala loonekera ngati pepala la pulasitiki. Kamaboolanso chipatso pafupi ndi kamtengo kake. Popeza kamabisala mkati, mankhwala amene tinazolowera sankakafika. Ife mwamantha tinayamba kupopera kawiri pasabata, kusakaniza mankhwala awiri atatu m'sipuleya imodzi, ena ogula m'timabotolo topanda chizindikiro pamsika. Ndinkapopera ndekha, opanda chotseka pakamwa, nditavala chitenje chomwe ndinkaberekera mwana. Ndipo kangapo konse ndinapopera madzulo, m'mawa mwake n'kuthyola kupita nazo kumsika. Tsiku lina nditamaliza kupopera mutu unandiwawa, ndinasanza, maso anachita mdima, mpaka ananditengera kuchipatala panjinga. Ndili gone pabedi lija ndinaganiza za amayi amene anagula tomato wanga dzulo lake n'kukadulira ana awo m'ndiwo. Manyazi amenewo sanandichoke.

Kuyambira pamenepo mankhwala timagula m'sitolo yovomerezeka, m'botolo lake lotsekedwa, ndipo timawerenga masiku amene alembapo oti adutse usanakolole. Tsiku lopopera limalembedwa m'kope lomwe lija. Wopopera amavala malaya a manja aatali, majombo ndi chotseka pamphuno, ndipo amasamba asanagwire chakudya. Botolo lotha silitungira madzi kapena kusungira mchere. Pa Tuta chimene chatithandiza kwambiri si mankhwala okha. Nazale timaiphimba ndi neti kuti mbande zichoke zili zoyera. Masamba ndi zipatso zogwidwa timathyola n'kukwirira m'dzenje lakuya. Tikamaliza kukolola timazula mitengo yonse sabata yomweyo, chifukwa munda wosiyidwa ndi umene umaswetsa tizilombo topita kwa anzako. Ndipo tikapopera timasinthasintha mtundu wa mankhwala monga alangizi anatiuzira, kuti kachilomboko kasazolowere.

Za madzi ndinene mwachidule. Titataya injini tinabwerera ku makheni zaka zingapo. Mvula yamphamvu ya Januwale 2015 inakokolola mabedi athu awiri a kumunsi chifukwa tinkalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa khwawa, ndipo chilala cha 2016 chinaumitsa chitsime mwezi wa Okutobala usanafike. Tinasiya kulima kamzere ka m'mphepete, tinabzalamo vetiva, nsenjere ndi nthochi. Mabedi onse timawaphimba ndi udzu wouma kapena mapesi, ndipo bedi lophimba limasunga chinyezi masiku awiri pamene lapambalambanda limauma tsiku lomwelo. Pampu ya sola tinadzagula titasunga zaka ziwiri ku banki m'khonde, ndalama yathuyathu, osati ngongole. Ngakhale ilipo, sitinakulitse dimba kupitirira madzi a chitsime m'mwezi wa Okutobala. Munthu woyamba dimba ayese madzi ake mwezi umenewo, osati mwezi wa Meyi pamene dambo lililonse limaoneka lolemera.

Chaka cha 2020 chinatikumbutsanso za kudalira khomo limodzi. Tinali titapeza mwayi woperekera kabichi kusukulu ina yogonera konko, ndipo tinabzala wambiri. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, kabichi anakhwimira m'munda mpaka kusweka mitu, ndipo ndalama za katundu amene tinapereka kale tinazilandira patatha miyezi yambiri tikuyenderera. Chinatigwira dzanja ndi masamba a tsiku ndi tsiku aja, chifukwa ngakhale kunali mliri anthu sanasiye kudya ndiwo. Pano tikalandira oda yaikulu, timalemberana pepala, ndipo siipitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a dimba.

Feteleza ndiye wafika povuta. Kwacha itagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba limodzi linafika poti mlimi wa kudimba aziganiza kawiri. Ife chimene chatisunga ndi khola. Tili ndi mbuzi, nkhumba ziwiri ndi nkhuku, zimene zimadya masamba otsala a kabichi ndi zinyenyeswa za m'dimba, ndowe zake n'kubwerera komweko. Timapanganso manyowa a Mbeya: ndowe zouma zopunthapuntha, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono wa m'sitolo, kuwaza madzi mpaka ukafumbata zizigwirana osadontha, kenako kutsekera m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati kwa masiku 21. Potsegula fungo lake limalasa m'mphuno, ndipo timayamba taziyanika pamthunzi tisanathire. Ndowe zaziwisi musathire pabedi, zimawotcha mbande ndipo zimabweretsa udzu. Mbewu za mpiru wachikuda, bonongwe, nkhwani ndi nyemba timasunga tokha monga ankachitira agogo, m'mabotolo ouma bwino othiramo phulusa. Koma mbewu za haibulidi, zolembedwa F1 papaketi, musavutike kusunga. Tinayesapo ndi kabichi, zimene zinamera zinali zosiyanasiyana, zina osakulunga n'komwe.

Chodabwitsa n'chakuti ndiwo zimene kale tinkaziona ngati zomera zokha, bonongwe, chisoso, luni, tsopano anthu a m'tauni akuzifuna kwambiri. Amayi a ku Lilongwe aja akaimba foni amayamba afunsa bonongwe asanafunse tomato. Sagwidwagwidwa ndi tizilombo, safuna mankhwala, ndipo masabata anayi okha wayamba kuthyola. Masamba akachuluka timafutsa n'kuyanika mfutso, umene umagulidwa bwino miyezi imene ndiwo zasowa.

Amayi akalamba tsopano, kudimba safikako kawirikawiri, koma kuwerengera kwa Loweruka kumachitikabe pakhonde pawo, ndipo makope odzadza afika khumi ndi awiri, ali m'sutikesi pansi pa bedi lawo. Amalume anatisiya. Achimwene anagulanso njinga, kenako yamoto, ndi ndalama ya gawo lachitatu. Mwana wanga wamkazi, amene ndinabwera naye kumudzi ali wakhanda, ndiye watenga kope. Amalemba bwino kuposa ine ndipo salola ngakhale mtolo umodzi kutuluka osaulemba. Dzulo m'mawa tinali naye kunazale. Ndinamupatsa kachivindikiro ka botolo kodzadza mbewu ya repu, iye anajambula timizere ndi kamtengo, motalikirana ngati chikhatho, n'kumagwetsa mbewu pang'onopang'ono pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Tinakwirira ndi dothi losefa, tinayala udzu, tinathirira ndi kheni ya mabowo ang'onoang'ono. Bedi la pambali pake, limene tinafesa masabata awiri apitawo, lili ndi masamba anayi. La kutsogolo kwake tiwokera Lachiwiri madzulo, dzuwa likazizira.